Akufuna kupala dzina pa mendulo ya apongozi

Aphungu,

Amuna anga andifika pakhosi. Mwana wathu Samjhana akukwatiwa mwezi wamawa, ndipo tikumukonzera mkanda wa makobidi asiliva monga mwa mwambo. Bambo ake, a Dhanraj, anati pakati pa mkandawo pakhale mendulo ya malemu bambo awo. Mendulo imeneyi ndakhala ndikuimva chilowereni m'banja lino. Mlendo asanamwe n'komwe tiyi, a Dhanraj ayamba kale: bambo anga kunkhondo, bambo anga ndi mfumu ya Azungu. Koma kuiona ayi, inkangokhala m'bokosi pansi pa bedi la apongozi aakazi.

Sabata yatha tinaitulutsa. Ndi yakuda bii. Mbali ina kuli mfuti ziwiri zopingasana, mbali ina chandamale, ndipo mutu wa mfumu palibe. Tinapita nayo kwa wosula siliva wa kumsika, yemwe ataika galasi m'diso anawerenga m'mphepete mwake: nambala ya usilikali, chaka, ndi dzina loti Harkajit. Aphungu, apongozi anga anali a Manbir. Harkajit sitikumudziwa.

Titafika kunyumba a Dhanraj anakuwa m'khutu mwa mayi awo kuti, "Amayi, Harkajit ndi ndani?" Apongoziwo anangokoka mpango n'kuphimba pakamwa, ulendo kokadyetsa nkhuku.

"Waonatu!" anatero amuna anga. "Madala aja anaipata pa juga. Kuchimuna kuli aphunzitsi okhaokha, akawerenga dzinali paukwati ine nkhope ndikaiika kuti?"

Ndiye akuti wosula apale dzinalo ndi tupa, aiviike m'mankhwala kuti iwale, aiwotcherere kamphete. Wosulayo naye akungokolezera moto: "Achimwene, tiyi wanu asanazizire ine ndatha. Mukafuna ndiigula pa sikelo, musavutike nayo."

Ine mtima ukukana, koma ndikatsegula pakamwa akuti, "Iwe mfuti unaigwirapo?" Ngati kuti iwowo anaigwirapo, munthu wogulitsa matayala a njinga zamoto! Apita nayo kwa wosulayo Lachisanu. Kodi ndi ya kunkhondo? Nanga ili ndi mtengo?

K.L., Dharan

Mayi K.L.,

Choyamba chotsani mendulo m'thumba la amuna anu. Kaya muibisa mumpunga, zanu zimenezo.

Malinga ndi mmene mwaifotokozera, si ya kunkhondo. Ndi mphotho ya mpikisano wowombera chandamale, yomwe gulu la asilikali linkapereka kwa katswiri wake. A Dhanraj angomeza zimenezo. Palibenso chochititsa manyazi, pakuti kuposa anzako onse pa mfuti si maseweratu.

Za mtengo, musalote nyumba yosanja. Komabe anthu osonkhanitsa zinthu zakale amalipira dzina, nambala ndi kuda komweko kumene mukukuyesa litsiro. Kuitsuka ndi bwemba ayi, ndi phulusa ayi, mankhwala ndi moto ndiye musayerekeze. Ikapalidwa itsala siliva wa pa sikelo basi, ndiye dzifunseni chifukwa chake wosulayo ali ndi changu chotere. Ijambuleni mbali zonse ndi m'mphepete momwe, mukaonetse akuluakulu a bungwe la asilikali opuma pantchito. Nambala ija iwathandiza kudziwa gulu lake. Za mtengo funsani anthu awiri atatu, koma isagone kwa munthu. Ngati mukuifunabe pamkanda, wosula apange kachitsulo koigwira mozungulira popanda kuiwotcha.

Tsopano chimene chandikwiyitsa. Nonsenu ndinu a konkuno, ndiye mwaiwala bwanji kuti mayi wa msinkhu umenewo ali ndi mayina awiri amene satchula zivute zitani, la mwamuna wake ndi la mkulu wake wa mwamunayo? Mwamufunsa funso loti akayankha alakwira mwambo, waphimba pakamwa, inu mwati wavomera za juga! Kale anyamata ena akachepa zaka, kapena akakanidwa koyamba, ankakalembetsa usilikali ndi dzina la mkulu wawo. Paja kuno pachibale timangoitanana kuti wamkulu, wachiwiri, wachitatu. Kodi a Dhanraj dzina lenileni la malemu bambo awo aakulu amalidziwa? Sindikulumbira kuti ndi mmene zinalili, koma palibe mwa inu amene wafufuza.

Khalani pansi ndi apongozi anu inuyo, opanda wokuwa pafupi, muwafunse mafunso oti angogwedeza mutu. Chitani lero lomwe.

Amuna anuwo muwachenjeze Lachisanu lisanafike kuti dzina likapalidwa silibwereranso. Angapezeke atalipira munthu kuti afute dzina limene bambo awo anapambanira nalo mendulo, mayi awo ali pompo, osatha kulitchula kuti awaletse.