Bokosi la Mawu a Amayi Chikhumbo Lakana Kudzuka

Ndakhala pansi kulemba izi Lachinayi, pa 14 Ogasiti 2025, 9 koloko m'mawa, ndisanaiwale amene ananena chiyani.

Msonkhano wa komiti ya kwaya ya amayi, Lachitatu pa 13 Ogasiti, mu ofesi ya tchalitchi chathu ku Kabwata.

Analipo: Amayi Christine Lombe (wapampando), Ba Salifyanji, ine Thandazani Jere (mlembi). Woitanidwa: Ba Kangwa a ku Chelstone, okonza makompyuta.

Sanabwere: Ba Mpundu. Akuti mwendo. Lamulungu mwendo womwewo unavina bwinobwino.

1. Kutsegula

Wapampando anatsegula ndi pemphero 14:20.

2. Za bokosi

Wapampando anati bokosi lakuda la mu ofesi, lija losunga nyimbo ndi zithunzi zathu n'kumazitumiza ku mafoni pa netiweki, lakana kudzuka kuyambira Lolemba. Kanyali kakungophethira. M'menemo ndi mokhamo muli mawu a malemu Amayi Chikhumbo, amene anatiphunzitsa kuimba. Loweruka tikuvumbula mwala pamanda awo, ndipo tinalonjeza mwana wawo, Pearl, kuti adzamva amayi ake akuimba.

Ba Salifyanji anati bokosi silifa lokha, ndipo makiyi a ofesi amasunga Ba Mpundu. Mlembi anavomereza, nawonjezera kuti Ba Salifyanji nawonso amachajira foni pa soketi yomweyo Lachiwiri lililonse. Ba Salifyanji anati, "Mayo ine! Lembani kuti nakana." Ndalemba.

3. Maganizo a Ba Kangwa

Ba Kangwa anati mkati muli madisiki anayi, ndiye nkhokwe zenizeni, ndipo mwina ali moyo. Anapempha kutenga zonse kupita nazo ku Chelstone. Mlembi anakana. Wailesi yanga inapita kwa wokonza ili ndi mabatani asanu, inabwera ndi atatu. Ba Kangwa anaseka, nati, "Ambuya, ningabe chani apa? Nyimbo za maliro?" Mlembi anayankha kuti wakuba sasankha.

Wapampando anagamula kuti akonzere pomwepo, tonse tikuona.

Asanasolole kanthu, mlembi anatulutsa kyuteksi yopaka zikhadabo m'chikwama, yomwe timalembera mbale ndi mapoto pa maliro kuti zibwerere kwa eni ake. Ndinadontheza pa chivindikiro cha disiki iliyonse: dontho limodzi, awiri, atatu, anayi, kuchokera kumanzere. Ba Kangwa anati sanaonepo. Ndinati lero mwaona.

4. Zimene zinapezeka

Ba Kangwa anasolola madisiki, namasula bokosi, nayeza ndi mita yawo. Anati kachipangizo kolandira magetsi kapsa chifukwa cha kutentha. Ba Salifyanji anati, "Nani anakatenthetsa?" akuyang'ana mpando wa Ba Mpundu.

Ba Kangwa analowetsa chala ku fani ya kumbuyo, nasolola ubweya wa pinki, wautali ngati mchira wa khoswe. Anati fani inatsamwa kalekale, bokosi linkapsa mkati pang'onopang'ono. Anafunsa ngati alipo amene amalifunditsa.

Wapampando anayang'ana kudenga. Ba Salifyanji anayang'ana chipewa changa, chimene chili cha ulusi womwewo.

Mlembi anafotokozera komiti kuti chinthu chosunga mawu a munthu wamkulu sichikhala chamaliseche pa tebulo, fumbi la Ogasiti likuchigwera. Kunyumba TV ndimaifunditsa, wailesi ndimaifunditsa. Nsaluyo ndinaluka milungu iwiri, ya maluwa, yofika pansi mbali zonse. Palibe anandiuza kuti bokosi limapuma.

Ba Salifyanji anati, "Lembani na iyo, ba secretary." Ndalemba. Ndinaganiza za Pearl ataima pamanda popanda kanthu.

5. Kukonza

Ba Kangwa anakatenga m'galimoto bokosi lina la mtundu womwewo, loti atibwereke. Atabwerako anagwira mutu. Ba Salifyanji anali atanyamula madisiki onse anayi kuwapenya pa windo ngati mazira, n'kuwaunjika pamodzi. Ba Kangwa anati iwo sakumbukira disiki iti inali pati, ndipo bokosi lakale lotere, ukalisokonezera mzere, limatha kufunsa zoyamba mwatsopano. Wina akadina molakwa, zonse zafufutika.

Mlembi anati werengani madontho.

Anawerenga. Analowetsa limodzi, awiri, atatu, anayi. Anayatsa. Fani inayamba kuzungulira, kanyali kanaphethira nthawi yaitali moti wapampando anayamba kupemphera chamumtima, milomo yokha ikugwedezeka. Kenako kanakhala kobiriwira. Ba Kangwa anatsegula laputopu, nadina, ndipo Amayi Chikhumbo anatsokomola kawiri, monga ankachitira asanayambe nyimbo, nati, "Alto, mwagona?" Ba Salifyanji, amene ndi alto, analira mokweza.

6. Zogwirizana

Ba Kangwa akopere nyimbozo pa mafulashi awiri, ina kwa Pearl, ina kwa wapampando. Zinachitika tikuona. Bokosi lisafunditsidwenso. Ba Kangwa atenge bokosi lakufalo, lopanda madisiki, akalikonze. Mlembi analidonthezera kyuteksi kunsi kwake.

7. Zina ndi zina

Wapampando anati komiti ipepese kwa Ba Mpundu. Mlembi anati pa za makiyi apepesa yekha, pamaso. Pa za mwendo, ayi.

Ba Kangwa anapempha nsalu ija, akuti akazi awo ayala pa TV. Mlembi akuganizabe.

Msonkhano wotsatira: Lachitatu pa 27 Ogasiti, 14:00. Tinatseka 16:45.

Christine Lombe, Wapampando
Thandazani Jere, Mlembi

Mukawerenga musakhalire pepalali. Lipitirizeni kwa mnzanu mpaka lifike kwa Ba Mpundu Loweruka lisanakwane, adziwerengere okha kuti ubweya unali wa pinki.