Batani Lopanda Chithunzi

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko pamodzi ndi alamu. Kuno tadzuka, koma mtima wanga suli m'malo. Foni yanu sikulowa, ndiye kalatayi ndapatsira mnzanu woyendetsa lole uja.

Nkhani ndi ya mwana wanga uja, amene mumamutcha Abwana. Thupi latentha kuyambira dzana. Paja mwanayu pakamwa sipatuluka mawu, amayankhulira pa kakiyibodi munamupangira kaja. Akadina batani la kapu, foni imati "madzi". Akadina la nkhope yokwinya, imati "ndikumva kuwawa".

Kakiyibodiko kafa, achimwene.

Ndinatsata zonse munandiuza. Ndinakalumikiza ku laputopu ya aneba, ndinabaya kabowo kapansi ndi pini mpaka kagetsi kanayaka, n'kukokeramo fayilo ya mawu atsopano munatumiza ija. Kamzere kobiriwira kosonyeza kuti fayilo ikulowa kali pakati, Abwana anaponya mwendo, chingwe n'kuzuka. Kuyambira pamenepo kagetsi kakungophethira. Ndabayanso, ndapemerera, ndasintha chingwe, ayi ndithu. Aneba akuti pulogalamu yam'kati inalowa theka, ngati munthu wavala thalauzi mwendo umodzi, ndipo akuopa kukhudza. Bambo a mwanayu akuti tizingomufunsa ndi manja, ngati kuti iwowo ndiwo amaswera naye.

Kuchipatala anesi anandifunsa kuti akumva kuwawa pati. Ndinati sindikudziwa, ine make.

Chondisowetsa mtendere ndi ichi. Sakudina kapu, sakudina nkhope yokwinya. Akudina lakumapeto lija, lopanda chithunzi, limene munamuphunzitsa pafoni ya vidiyo mutandithamangitsa, eti chinsinsi cha malume ndi Abwana, mawu ake ndidzawamva fayilo ikalowa. Amalidina, n'kundiyang'ana, n'kulidinanso. Ndamubweretsera madzi, bulangete, chidole, zonse akukankha.

Munaikapo mawu oti chiyani pabatani limeneli?

Za kakonzedwe mundilembere pang'onopang'ono. Sukulu sindinapite nayo patali koma ndichita, manja ndili nawo. Mawuwo okha ndiuzeni mukangowerenga, ngakhale pafoni ya mnzanuyu. Ngati ndi chiwalo cha m'thupi, ndithamange naye ndikawauze adokotala pogwira. Ngati ndi "malume", musavutike n'kulemba. Kwerani lole yomweyi.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana. Mulungu akusungeni, akufewetseninso bwana wanu wa kuntchito, poti wa kunoyu sakudikira.

Ndine mlongo wanu,
Make Abwana