Mano Anayi a Tadala

Amayi, kodi kumene muliko mukudzuka bwanji?

Ndine Yohane, ndikulemba ndili kuno ku Balga, kutsidya kwa nyanja. Chimene chandilembetsa chinayamba Lolemba la pambuyo pa Pasaka m'chaka cha 2020, cha m'ma teni m'mawa, pa geti la nyumba yanga. Koma ndiyambe ndi za pakhomo, popeza munkadana ndi munthu wofikira kudandaula asanapereke moni.

Mdzukulu wanu Chisomo anachira mwana wachiwiri mu Ogasiti, wamkazi, ndipo tamupatsa dzina lanu. Akukhalabe ku Kwinana, kumene mwamuna wake amagwira ntchito ku fakitale. Mpiru umene ndinadzala kuseri kwa nyumba wachita bwino, koma chimanga chakana mchenga wa kuno kachitatu. Chiliza chanu sitinamangebe. Malire a dziko lino anatsekedwa chifukwa cha mliri, ndipo sindifuna kuti achimwene achimange ine ndikuonera pa foni.

Limbani mukumukumbukira, mwana wa a Nabanda amene munkayenda nawo ku Mvano. Ndinu munandilembera kuti ndimulandire. Anadya m'nyumba mwanga zaka zinayi, ndipo luso lowongola mano ndi mawaya analiphunzira m'manja mwanga. Nditapuma pantchito ndinkaphunzitsabe madokotala a mano Loweruka lililonse m'chipinda cha lendi ku Bentley, iye akundithandiza.

Ndikufotokozereni ntchitoyo, chifukwa mpaka kumwalira munkaganiza kuti ndimangozula mano. Mwana asanaikidwe mawaya timamujambula mutu cham'mbali ndi ekisire. Chithunzicho timachiika pa bokosi lowala, n'kuyalapo pepala loonekera, kenako ndi pensulo yosongoka timatsata mzere wa mphumi, mphuno, nsagwada, mano ndi milomo, n'kuyeza ngodya zake. Manambala a m'mabuku amene timayerekeza nawo ambiri anatengedwa pa nkhope za azungu. Mwana wakwathu akayezedwa ndi manambala amenewo amaoneka ngati pakamwa pake patuluka kwambiri, ndipo dokotala wosadziwa amazula mano anayi abwinobwino kuti abwezere milomo m'kati. N'chifukwa chake kwa zaka makumi awiri, kuyambira ndili ku Blantyre, ndinasonkhanitsa zojambula za nkhope za anthu akwathu, aliyense atandilola, ndipo m'mphepete mwa mapepala ambiri ndinalemba kuti: uyu ali bwino, musamukhudze. Phunziro langa loyamba linali mawu anu aja akuti, "Munthu umuone kaye nkhope usanamufunse chimene wadzera." Ndinkawauza ophunzira kuti ayang'ane mayi amene wabweretsa mwanayo asanatsegule envelopu ya ekisire.

Lolemba limenelo Limbani anaima pa geti atavala chotchinga pakamwa. Anati, "Malume, inu pa msinkhu wanu musatuluke. Ndipatseni bokosi la mapepala lija ndilowetse m'kompyuta, ophunzira aziphunzira ali kwawo. Masabata awiri okha, ndibweza." Ndinamupatsa mapepala onse, ndi bokosi lowala lomwe. Ndinamuthokozanso, Amayi. Chimenecho n'chimene chimandiwawa ndikamakumbukira.

Masabata awiri anakwana miyezi isanu. Kenako mayi wina amene ndinamuphunzitsa kale anandionetsa maphunzirowo pa foni yake. Mapepala anga anali momwemo, dzina lili la Limbani yekha. Dzina ndikanapirira. Koma anadula m'mphepete monse mmene ndinalemba, n'kuika zithunzizo m'pulogalamu ya kompyuta imene imayeza yokha ndi manambala a m'mabuku aja. Nkhope za aphunzitsi, anamwino ndi ana asukulu amene anandikhulupirira zinaikidwa pa mutu wa anthu ofunika kuzulidwa mano. Ntchito imene ndinaigwira kuti nditeteze ana athu akuphunzitsira anthu kuwazula mano.

Ndinamulembera makalata atatu, ndipo makope ake ndili nawo. Awiri sanayankhe. Yachitatu anayankha pa foni akuseka: "Aaa, malume, nthawi ya pensulo inatha. Pumani, mwagwira kale ntchito." Kutchalitchi amandipatsa moni wa ulemu wonse, atagwira chigongono, anthu n'kumati mnyamata ameneyu analeredwa bwino.

Ndikudziwa chimene mukananena. Munkati, "Yohane, iwe vuto lako suiwala." N'zoona. Ndikanangokhala ndi mkwiyo wanga mpaka kukupezani, pakanapanda nkhani ya Tadala.

Tadala, mwana woyamba wa Chisomo, wakwanitsa zaka khumi ndi zitatu. Anatengera inu ndendende kuyambira pa mphuno kutsika: milomo yodzaza, chibwano chofupika pang'ono, kampata pakati pa mano akutsogolo. Mano ake am'munsi anapanikizana pang'ono, ndipo Chisomo anapita naye kwa Limbani osandiuza, poti ndi wakwathu. Kompyuta ya Limbani inatulutsa manambala ofiira, osonyeza vuto. Wakonza zozula mano anayi Lachinayi likubwerali.

Ndinapempha chithunzi cha ekisire cha mwanayo. Pokhala ndilibenso bokosi lowala, ndinachimata pa zenera la kukhitchini masana dzuwa likuwomba, n'kutsata mizere yake chiimire. Ndinayeza kawiri, tsiku lotsatira ndinayezanso. Nsagwada zake zikugwirizana, milomo imatsekeka popanda kukakamiza, ndipo malo amene akusowa ku mano am'munsi mawaya okha angawapeze. Palibe dzino loyenera kuchoka.

Nditamuuza Chisomo anandiyankha ndi mawu amene sindinawayembekezere kwa mwana wanga. Anati, "Adadi, inu mwakwiya ndi Limbani. Mlandu wanu musaulowetse m'kamwa mwa mwana wanga." Chaka chathunthu ndakhala ndikumutopetsa ndi nkhani ya mapepala pa chakudya chilichonse, ndiye lero ndikunena zoona akumva madandaulo omwe aja. Ndikanakhala ndi mapepala anga ndikanamuyalira nkhope makumi asanu zofanana ndi ya Tadala, za anthu amene anakula ndi mano awo onse. Umboni wanga uli m'nyumba ya munthu amene ndikutsutsana naye.

Tadala mwiniwake amamva Chichewa koma amayankha m'Chingelezi cha kuno. Atabwera kwathu anayang'ana pepala langa pa zenera paja n'kundifunsa ngati nkhope imeneyi ili ndi vuto. Ndinamuonetsa chithunzi chanu cha tsiku la ukwati wa Chisomo. Anachiyang'ana nthawi yaitali, kenako anapempha amake kuti ine agogo ake ndipite nawo Lachinayi. Chisomo wavomera monyinyirika, bola ndisakakweze mawu.

Sindikakweza mawu. Ndikamupatsa Limbani pensulo ndi pepala loonekera pamaso pa mayi wa mwanayo, ndipo ndikamupempha mwaulemu kuti ayeze yekha ndi dzanja, monga ndinamuphunzitsira, n'kutiuza dzino limene lalakwa. Ngati akana, ndikamutenga Tadala kwa dokotala wina, ngakhale Chisomo asandiyankhule mpaka Khirisimasi.

Limbani ali ndi mapepala anga zana limodzi ndi makumi asanu ndi atatu kudza asanu ndi limodzi, ndi bokosi lowala limodzi, ndipo sindidzasiya kuwafuna. Tadala akalowa m'chipinda chimenecho ndi mano makumi awiri ndi asanu ndi atatu. Ndikukulonjezani, Amayi, potuluka ndikawawerenga ndekha, ndipo akakwana.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Yohane