Tabwerera chifuwa, adokotala

Lolemba, 4 Malichi
Tsiku la odwala mphumu. Benchi yodzaza, fani yakufabe. Womaliza: mtsikana wa zaka 16, yunifomu yothina, kopopera mankhwala m'thumba la malaya. Funso lililonse akuyankha ndi azakhali ake, ngati mapapowo ndi awo. Nditafunsa mwanayo ngati ali ndi chibwenzi, iwo: “Tabwerera chifuwa, adokotala, osati za m'chiuno.”

Lachiwiri, 5 Malichi
Achikulire, mkulu wathu, amva. “Mayi, mverani mapapo basi.” Munthu wa madigiri atatu! Ndawafotokozera modekha. Atsikana a mphumu amabwera mwezi ndi mwezi popanda wowakayikira. Ku chipinda cha zakulera sangapondeko, benchi yake ili pakhonde pomwe pamadutsa dziko lonse. Ife tikakhala chete, awauza ndani? Iwo maso pa foni, akutokosa m'mano.

Lolemba, 1 Epulo
Mtsikana uja wabweranso. Ndamutengera kokayeza mpweya, kachipinda kosakwana anthu atatu. Azakhali panja, nkhope ngati amwa mankhwala owawa.
Chibwenzi chilipo. Mnyamatayo akuti mphumu imatha ukabereka. Mwanayo akukhulupirira chifukwa Achikulire anamuuzapo zomwezo akuseka, chaka chatha. Nthabwala zawo zimenezo. Ndajambula mapapo papepala, ndafotokoza kuti mimba sichiza mphumu, ena imawakulira. Wafunsa monong'ona ngati jakisoni wolera amatseka chifuwa. Ayi, mwanawe. Akuti aganiza.

Lachisanu, 5 Epulo
Azakhali akadandaula kuti ndikuphunzitsa mwana uhule. Achikulire agwedeza mutu ngati mbusa pamaliro, andilanda mwanayo, azimuona okha. Mphindi ziwiri, siginecha, wotsatira.

Lachitatu, 22 Meyi
Amubweretsa masana atamunyamula, milomo yotuwa, chifuwa chikulira ngati mluzu. Mpweya titamuika, wandiuza mawu amodziamodzi: sanasambe mwezi uno, anasiya kupopera kuopa kupweteka khanda. Sanauze munthu. Akanafera zimenezo, pomwe woyembekezera amapopera bwinobwino.
Tayeza. Mimba palibe. Walira mpaka chigoba cha mpweya kuchita nkhungu.
Azakhali pakhonde akulalikira kuti ndi fumbi la kusukulu. Achikulire ku msonkhano wa za umoyo wa achinyamata, kuhotela.
Nditati ndizituluka wandigwira mkono wa malaya. “Jakisoni uja, adokotala. Lero.”
Ndakhoma chitseko, ndamubaya. Mawa Achikulire andiitane ku ofesi, ndikapita nditadya kale.