Zala Ziwiri za Mavjuda

Achimwene Shodavlat,

Ndikhulupirira muli bwino ku Russia kumeneko, ndipo chifuwa chija cha fumbi la simenti chinakusiyani. Kuno amayi aliko, mawondo okha. Abambo ali gone, koma si matenda. Khalani pansi muwerenge bwino.

Mukudziwa malukidwe a mng'ono wanga Mavjuda. Ine ndimaluka kuti anthu asazizidwe, iye amaluka chifukwa manja ake sadziwa kukhala chete. Chikwatiwireni kumtunda kuja, chisanu chikamayandikira amatumizira abambo masokosi ofika m'mawondo, olimba moti angaime okha. Masokosi a chaka chino anabwera pa galimoto ya ufa. Amayi anayamikira mitundu. Ine, ndi kansanje kanga kaja, ndinawatembenuza kuti ndipeze polakwika.

Sokosi imodzi inalibe chilema. Inayo inayamba bwino, koma kuchokera pachidendene ulusi unali pena pothina, pena polobodoka, ndipo nyanga za nkhosa zimene amakongoletsera zinapindika ngati za mwana wophunzira. Woluka anali yemweyo, koma anali atagwira ulusi ndi chala china. M'mawa mwake ndinauyamba ulendo wapansi wopita kwa Mavjuda.

Ndinamupeza akukanda mkate ndi dzanja lamanzere. Zala ziwiri zakumanja zinali zokulunga m'chiguduli, zakuda bii. Anati ng'ombe inamuponda. Apongozi ake nawo anati ng'ombe, ndisanawafunse n'komwe.

Kukhola ndiko anandiuza zoona. Mwamuna wake Kurbonbek, mnzanu uja, anamupeza akuluka, namufunsa kuti ndi za yani. Atamva kuti ndi za abambo, anati ubweya wa nkhosa zake sufunditsa mapazi a kwa eni. Anamugwira dzanja, naliika pamphuthu, namenyetsa chitseko. Anatsegula, namenyetsanso. Mavjuda anamalizabe sokosiyo ndi zala zotsala, kuopa kuti tikapanda kulandira kanthu tiyamba kufunsa.

Ndikumumangira Mavjuda zovala m'nyumba, Kurbonbek analowa. Anamugwira tsitsi n'kumuombetsa mutu pamzati wapakati pa nyumba, womwewo umene amaugwira popemphera. Ndinati, "Alamu, musiyeni."

Anaseka. "Mbeta iwe, ukufuna utsale m'malo mwake? Malo alipo."

Anatsamira mzati ndi dzanja limodzi kuti amuponde bwino m'mimba. M'thumba mwanga munali zoluka zanga, pa masipoko a njinga olukira aja munandinolera musanapite. Ndinasolola imodzi n'kuibaya pakati pa dzanja lakelo mpaka inalowa m'mtengo. Anakuwa ngati mbuzi yophedwa, magazi akuyenderera pamzati. Achimwene, musadikire kuti ndinene kuti ndikumva chisoni. Chimene chimandipweteka n'chakuti ndinachedwa.

Ndinabwera naye Mavjuda kunyumba. Asanachire n'komwe pamutu, azichimwene a Kurbonbek anafika ndi mipini ya mafosholo. Galu wathu anamuphwanya msana pabwalo. Abambo anaima pakhomo n'kutambasula manja, iwo anawagwetsa, nawaponda mpaka nthiti zinathyoka. Mano akutsogolo tinawatola m'chipale chofewa. Amayi anakhuthulira mmodzi mphika wa tiyi wowira kumaso, ndipo anansi anathamanga ndi miyala n'kuwapirikitsa.

Tsopano akhalifa, atsogoleri athu a chipembedzo, alowererapo. Akuti magazi atuluka mbali zonse, choncho mlandu wafanana. Akuti aphe nkhosa, mabanja awiri adyere mbale imodzi, mkazi abwerere kwa mwamuna wake. Abambo sangathe ngakhale kutsokomola. Anangoti mwana wamwamuna alipo, alankhule ndiye. Akhalifa akufunafuna nambala yanu, ndipo ine ndawanamiza kuti inatayika, kuti kalatayi iyambe yakupezani. Ndapatsira a Nazarbek amene akubwerera kuntchito kwanuko.

Ndikudziwa munakhalira benchi imodzi ndi Kurbonbek kusukulu, ndipo ndinu munamubweretsa m'nyumba muno. Akakuimbirani akuuzani kuti banja ndi kupirira, kuti Gulnamo ndi wamisala. Mwina ndine wamisaladi. Sindikupempha kuti mubwere ndi mpeni, abambo sangapirire maliro. Ndikupempha liwu limodzi basi, muwauze akhalifa kuti ayi.

Mavjuda sadandaula, mukumudziwa. Dzulo ndikumupesa anandiuza chapansipansi, amayi asamve:

"Achimwene akati ndibwerere, ndibwerera. Sindingaphetse abambo. Koma tsikulo likadzafika, udzabwere ndiwe kudzandisambitsa. Amayi asadzaone thupi langa."

Mulungu akusungeni pamakwerero aatali omangira nyumba amenewo, akupatseninso mtima wolimba. Mupereke moni kwa amalume Aslamsho ndi onse akwathu amene mukugona nawo chipinda chimodzi.

Ndine mlongo wanu,
Gulnamo