Mwana wa Ndolo Zofiira

Okondedwa achimwene,

Kuno kwacha ndi kamvula kowaza. Ndikulemba m'mawa uno nditakhala pafupi ndi zenera, pamene ndikutha kuwaona amayi pageti. Muli bwanji kumeneko? Nanga alamu ndi ana, chifuwa chija chinawasiya? Ine thupi lili bwino. Nkhani ndi ya amayi.

Mukudziwa kuti pafoni ndimangoti eya, eya. Mukayamba kulankhula, mawu anga amathawa. Ndiye ndati ndilembe, pepala silingandidule mawu.

Chithunzi chimene anakutumizirani Mayi Wailesi oyandikana nafe si chabodza. Amene akutola zitsekerero za mabotolo kuseri kwa golosaleyo ndi amayi ndithu, ndipo chili m'khosi mwawocho ndi mkanda wa timapaipi tomwera zakumwa. Ndinapanga ndine. Koma nanenso ndinali pomwepo nditagwira thumba, wojambulayo anangondisiya kunja kwa chithunzi.

Chiyambire matenda oiwalawa, manja a amayi sankakhala chete. Ankang'amba makatani, kumasula ulusi wa majuzi, kutsegula chitseko n'kumangopita. Tsiku lina ndinkaboola zitsekerero ndi msomali, kungotayitsa nthawi. Amayi anakhala pansi pambali panga n'kuyamba kuzisanja, zofiira pazokha, zobiriwira pazokha. Tsiku limenelo chitseko sanachiyandikire.

Basi tinapitiriza. Ine ndinkatsuka ndi kuboola, iwo ankatunga pa ulusi. Tinapanga mikanda ya mabatani, mphete za waya, zibangili za mabotolo apulasitiki zokulungidwa ndi tinsalu totsala kwa atelala. Panalinso chisoti cha mapepala a maswiti chimene ankavala pakudya, n'kumati mfumukazi siipatsidwa supuni yopindika. Ankaseka, achimwene, mpaka misozi. Kuseka kuja munakumva liti komaliza?

Ndiye panali ndolo ziwiri zofiira. Anaboola okha, mabowo ake opotoka, n'kundiveka ndi manja awo. Dzina langa analiiwala kalekale, koma ndikavala ndolozo ankati ndine mwana wawo wa ndolo zofiira. Chakudya ndi mankhwala ankalandira kwa ine ndekha.

Azakhali atabwera ndi uthenga wanu, anaima pakati pa chipinda manja ali m'chiuno. Anati nyumba ya malemu mlongo wawo ndaisandutsa dzala. Anati mayi amene sankatuluka ndi diresi losasita ndamuveka ngati choopsezera mbalame m'munda. Anafunsanso ngati ndikudzikongoletsera mwamuna wa galimoto ya zinyalala. Ine ndinangoyang'ana pansi, monga mwa masiku onse. Azakhaliwo anakokolera zonse tinapangazo m'thumba n'kukaliponya m'galimoto ya zinyalala. Ndolo zija ndinali nditazivula posamba, zili m'kambale pazenera. Nazonso zinapita.

Mawa lake ndinapita kudzala lalikulu kumene magalimoto amakataya. Ndinafukula mpaka zala kutupa. Bambo wina wotola zitsulo anandifunsa ngati ndataya zagolide. Nditamuuza kuti ndi zitsekerero, anaseka n'kundilozera mulu wonse, amvekere ndisankhepo, lero n'zaulere.

Ndinapanga zina, zofiira chimodzimodzi, mabowo ndinapotoza dala. Amayi anazigwira, anazitembenuza, n'kundibwezera. Kenako anandifunsa mwaulemu kuti kodi ndine mwana wa yani.

Tsopano amanditcha anamwino. Mbale amakankha, amadya pang'ono pokhapokha ndikatuluka m'chipinda. Mankhwala amabisa m'tsaya n'kukalavula. Kukacha amakoka mpando kukakhala pageti. Amati mwana wawo wapita kukatola zitsekerero, abwera posachedwa, asadzapeze pakhomo palibe munthu.

Azakhali akuti mwakonza galimoto yodzawatenga kumapeto kwa mwezi, kupita nawo kunyumba yosungirako okalamba, kumene kuli anthu odziwa ntchito. Sindikukana kuti ndi odziwa. Ine sukulu ndinalekezera kupulayimale. Ndikumvetsanso manyazi amene munamva poona chithunzi chija, mwina ndi anzanu akuntchito anachiona.

Koma ndagwira mwendo wanu, achimwene, musatumize galimotoyo. Sindikunena kuti adzandikumbukira. Zimenezo ndasiya kuziyembekezera. Koma mukawachotsa pageti ili, adzati mwana wawo wabwera n'kuwasowa, ndipo adzalira kulira kosatonthozeka. Kuno ali naye womudikira. Ine ndimaima kumbuyo kwa mpando wawo, kukakhala dzuwa ndimawatchinga, akazizidwa ndimawafunditsa. Chimenecho chokha ndiye ndatsala nacho, musandilande.

Dzulo anandigwira dzanja. Anati ndine munthu wa mtima wabwino, koma makutu anga ali mbee, osavala kanthu. Anati ndisadandaule, mwana wawo akabwera amuuza andipangire ndolo.

Ndinawathokoza.

Mulungu akusungeni ndi kudalitsa ntchito ya manja anu. Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana onse. Kamtsikana kanu kaja ndinakapangira chibangili cha mabatani, koma chinapita limodzi ndi zinazo, mukauze kandikhululukire.

Mvula yayamba kulimba, ndipo amayi sangalole kulowa m'nyumba. Ndithamange ndi ambulera.

Ndine mlongo wanu,
uja mumamuti Kachetechete

Ndamaliza kulemba Lachinayi, nthawi ya teni koloko m'mawa.