Dazi la madzi aulere

Amayi, kumeneko muli bwanji kodi?

Ife kuno kwa Chiringa tilipo. Nandolo wabereka bwino m'munda wanu wakumtunda, ngakhale chimanga chinapserera. Mimba ndinali nayo pamaliro panu ija inabala mwana wamkazi, ndipo tinamutcha Rozina, dzina lanu. Wayamba kukwawa.

Nkhani yaikulu ndi ya mpopi wa pafupi ndi mango anu aja. Mvula inakokolola mapaipi kuphiri, ndipo ife a komiti ya madzi tinati ndalama ya pamwezi ikwere. Anthu akanakana, mpopi ukanatsekedwa, tonse n'kubwerera kumtsinje. Wotsogolera okana anali mlongo wanu, amalume Yohane, ndipo chida chawo chinali mawu anu omwe: madzi ndi a Mulungu, sagulitsa.

Mukundidziwa, sindilimbira chinthu ndisanachione. Ndinakwera phiri ndi okonza mapaipi mpaka pamene madziwo amalowera. Amayi, ndinangoti kakasi. Palibe injini, palibe magetsi. Madzi amalowa pa kasefa kachitsulo n'kutsika okha, kuwoloka makwawa, kudutsa pansi pa minda, mpaka pa mango anu. Ndinaika khutu papaipi ndipo ndinawamva akuthamanga. Ku Blantyre, kumene kuli achimwene, amachita kuwakankha ndi magetsi kuchokera mu Shire, choncho magetsi akakwera, bilu ya madzi imakweranso. Kumeneko ngakhale zinyalala ndi zam'chimbudzi zimachoka pakhomo ndi ndalama. Ife phiri limatisenzera ulere.

Komabe ndinaona kumene ndalama imathera. Kumene mitengo inadulidwa, matope amadzaza thanki, ndipo owakapa amafuna malipiro. Mapaipi ndi mankhwala ophera tizilombo amachokera kunja, ndiye kwacha ikagwa, zimadula. Wina akaboola paipi kuti athirire tomato, otayikawo timalipira tonse.

Pamsonkhano ndinafotokoza zonsezi mwadongosolo. Amalume anangoti, "Aphunzitsi, choko chimenecho kalembereni ana. Mlongo wanga anamwa madzi aulere mpaka kumanda." Anthu anaseka.

Apo mng'ono wanu, mayi aang'ono Esinati, anaimirira. "Achimwene, aulerewo inu munatungako liti?" Anavula duku n'kuwerama. Paliwombo panali dazi losalala, pamene nkhata ndi ndowa zinadya tsitsi. "Lisiti langa ndi ili. La aRozina ndinaliona tsiku lowasambitsa." Kenako amayi ena anayamba kuvula maduku, mmodzimmodzi. Amalume anayang'ana pansi, ndipo pokweza manja ovomereza kuti ndalamayo ikwere, lawo linakwera nawo.

Amayi, dazi lanulo ndinkaliona pokupesani, koma ndinkati ndi ukalamba. Ndawerenga mabuku ambiri, ndinawerengera paipi iliyonse ndi thumba lililonse la simenti, koma mtengo umene inu munalipira ndi mutu wanu sindinauike pa masamu anga. Mawu anu aja sindikuwatsutsa. Madzi ndi a Mulungu ndithu. Chimene chimagulidwa ndi ulendo wake, ndipo kale ulendowo munkayenda ndinu.

Mpopi ukutuluka. M'mawa uno ndasambitsirapo Rozina, ndipo tsitsi lake ndi lambiri ngati udzu wa m'dambo. Ndikukulonjezani kuti lidzafika paimvi lonse lathunthu.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Marita